Kodi utolankhani ukadali ndi tsogolo, nanga mipikisano ya magemu ndi ntchito?

Malume wa ku Linga, Nkhotakota, analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano. Ndabwera ndi nkhani ya m'banja mwathu imene yandisowetsa tulo kwa milungu ingapo, ndipo ndikupempha amene akuidziwa bwino ntchito yofalitsa nkhani kuti andiunikire. Mwana wa mlongo wanga, amene ndakhala ndikumulipirira sukulu chimwalirire bambo ake, wakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Kuyambira ali ku pulayimale ankanena kuti adzakhala mtolankhani, moti madzulo ankatola chitsononkho n'kumachiyesa maikolofoni, akuwerenga nkhani pakhonde motsanzira owerenga nkhani a pa MBC. Ife akubanja tinagwirizana kuti tikagulitsa mpunga wa chaka chino, ndalamazo zikhale zoyambira maphunziro ake a utolankhani ku Lilongwe.

Tsopano mnyamatayu watembenuka. Akuti nyuzipepala zikutha, wailesi akumvera ndi achikulire okha, ndipo aliyense amene ali ndi foni m'manja ndi mtolankhani kale, choncho palibe chifukwa chopititsira ndalama kusukulu. Akufuna kuti timugulire foni yapamwamba ndi makina a PlayStation, chifukwa wamva kuti kumaiko akunja kuli anyamata amene alemera ndi mipikisano ya magemu, ndipo iye akufuna kumapikisana nawo komanso kumajambula makanema oika pa TikTok ndi YouTube.

Sindikufuna kumukaniza chabe chifukwa chakuti ineyo sindikuzimvetsa. Ndinakula pa nthawi imene dziko lonse linkamvera wailesi imodzi, ndipo pamene wailesi yakanema ya dziko lino inkayamba mu 1999 n'kuti ndili kale ndi ana. Zina mwa zimene akunena ndikuziona ndi maso angawa: bambo amene ankagulitsa nyuzipepala pafupi ndi depoti anasiya kalekale, ndipo uthenga wa maliro umene kale tinkautchera khutu pa wailesi masiku ano umafika pa WhatsApp thupi lisanatuluke m'chipatala. Kodi munthu amene aphunzira utolankhani lero adzadyetsa nawo banja mawa? Nanga za magemuzi, ndi ntchito imene mwana wa ku Nkhotakota angaidalire, kapena ndi juga yongovala dzina lina?

Mtolankhani Wopuma, Salima, anayankha:

Malume, mwachita bwino kufunsa musanagulitse mpunga. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, poyamba ndikulembera nyuzipepala ndili kuno kuboma, kenaka pa wailesi, choncho ndiyankha gawo loyamba lokha la funso lanu, chifukwa za magemu zili ndi eni ake.

Mphwanuyo sakunama pa zonse. Pamene ndinkayamba, ngozi ikachitika pa msewu wa M5 ndinkapita ndi kope ndi kawailesi kojambulira mawu pa kaseti, ndikabwerako n'kulemba nkhani pamanja, kenaka n'kukaima pamzere kudikira lamya kuti ndimuwerengere mkonzi liwu ndi liwu. Filimu ya zithunzi ndinkapatsira kondakitala wa basi. Nkhaniyo inkatuluka patatha masiku awiri, ndipo anthu ankaigulabe chifukwa kunalibe kwina koimvera. Lero ngozi yomweyo imajambulidwa ndi wakabaza amene wafikapo woyamba, ndipo apolisi asanafike zithunzi zimakhala zitazungulira m'magulu a WhatsApp mpaka kwa abale athu a ku Johannesburg. Liwiro limene linkatidyetsa linapita m'manja mwa anthu wamba, ndipo silidzabwereranso kwa ife.

Chimene chafoola nyuzipepala kwenikweni ndi ndalama. Nyuzipepala imakhalira otsatsa malonda kuposa ogula, ndipo wamalonda amene kale ankalipira tsamba lonse tsopano amaika chithunzi cha katundu wake pa Facebook ndi ndalama zochepa, kapenanso ulere. Pamwamba pa apo, mapepala osindikizira ndi inki zimagulidwa kunja ndi madola, choncho pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wosindikizira unakwera pomwe matumba a owerenga anali atauma. N'chifukwa chake The Nation ndi The Daily Times tsopano zimagulitsanso nyuzipepala yowerengera pa foni, ndipo nkhani zikuluzikulu amayamba kuziponya pa masamba a mchezo zisanafike papepala. Nyuzipepala za pa intaneti pokha, monga Nyasa Times imene inayamba mu 2006, zinatsegula njira imeneyi kalekale.

Pa nkhani ya wailesi ndiye mphwanuyo walakwitsa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 aliwonse m'dziko muno amakhala kumudzi, ndipo mlimi wa ku Khombedza kapena msodzi wa ku Chia sagula bandulo tsiku ndi tsiku, koma kawailesi ka sola amakhala nako m'munda ndi padoko. Chimene intaneti yachita ndi kuipatsa wailesi miyendo ina: Zodiak, imene inayamba mu 2005, lero imamveka pa wailesi, imaonetsa kanema, ndipo imaulutsanso pa Facebook, kotero kuti Mmalawi amene ali ku London amatsatira zochitika nthawi imodzi ndi inu. Kumbukiraninso mlandu wa chisankho cha 2019, mmene anthu ankaunjikana pa wailesi m'misika miyezi yambirimbiri kumvetsera mboni zikufunsidwa, mpaka pa 3 Febuluwale 2020 pamene oweruza anagamula kuti chisankho cha mtsogoleri wa dziko chichitikenso. Pa masamba a mchezo pankayenda zambiri masiku amenewo, koma munthu akafuna kutsimikiza zimene zanenedwa m'khoti ankabwerera kwa atolankhani amene anali m'khotimo.

Ntchito imene yatsala m'manja mwathu ndi imeneyo, yotsimikiza. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo foni yachulukitsa akandimverere kuposa kale lonse. Kujambula galimoto yogubuduzika aliyense angathe. Kuimbira apolisi ndi achipatala kuti chiwerengero cha ovulala chigwirizane, kudikira kuti abale adziwitsidwe dzina la womwalira lisanatchulidwe, kupereka mpata kwa amene akunenedwa kuti ayankhepo, kufunsa khonsolo mmene ndalama za chitukuko zayendera pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, zonsezi munthu amachita kuphunzira.

Sindikubisirani kuti malipiro ndi ochepa, makamaka kwa oyamba kumene ndi kwa olemba ali m'maboma. Umphawi umenewu ndi umene umabala chizolowezi chimene tokhatokha timachitcha chipondamthengo, kandalama kamene wokonza msonkhano amapatsa mtolankhani ponena kuti n'koyendera, ndipo ndaonapo anzanga aluso akusiya kufunsa mafunso olimba chifukwa cha kaenvulopu kameneko. Zimandipweteka mtima mpaka lero. Wachinyamata amene akulowa ntchitoyi tsopano ayenera kudziwa kulemba, kujambula, kudula mawu ndi kanema pa foni kapena pa kompyuta, zonse yekha, chifukwa palibe nyumba youlutsira nkhani imene ikutumanso anthu anayi ku nkhani imodzi. Amene amatha zonsezi amapezanso ntchito m'mabungwe, m'makampani ndi m'maofesi a boma. Langizo langa n'lakuti musanapereke fizi ku sukulu ya utolankhani ya MIJ kapena kwina kulikonse, mupite naye ku wailesi ya m'dera ya ku Nkhotakota komweko akapemphe kuthandiza mongodzipereka kwa miyezi ingapo. Akakapirira kudzuka m'bandakucha kukafunsa mitengo ya usipa padoko popanda womulipira, mudzadziwa kuti ntchitoyi ili m'magazi.

Mwini Magemu wa pa Kamuzu Road, Salima, anayankha:

Bambo, ndalemekeza kwambiri zimene akuluakulu anena pamwambapa, ndipo ine ndiyankha za magemu chifukwa ndi zimene zimandidyetsa. Ndili ndi kachipinda pano pa Kamuzu Road momwe muli ma TV awiri, makina a PlayStation 4 awiri, mabenchi atatu ndi batire la sola loti gemu isadukire pakati magetsi akazima. Anyamata amalipira pa gemu iliyonse, woluza amapereka padi, chogwirira m'manja posewera, kwa wotsatira, ndipo Loweruka lina lililonse timachita mpikisano wa anthu 16 wochotsana mpaka patsale mmodzi.

Zimene mphwanu wamva zoti kunja anthu alemera ndi magemu n'zoona. Mu 2019 ku New York mnyamata wa zaka 16, Kyle Giersdorf, anapambana madola 3 miliyoni pa mpikisano wa dziko lonse wa gemu ya Fortnite. Mpikisano wa gemu ya Dota 2 wa 2021 unali ndi mphoto zoposa madola 40 miliyoni, ndipo mu 2024 dziko la Saudi Arabia linachititsa mpikisano waukulu ku Riyadh wa mphoto zoposa madola 60 miliyoni. Pa masewera a maiko a ku Asia amene anachitikira ku Hangzhou mu 2023, osewera magemu analandira mendulo monga othamanga ndi osambira. Matimu ake amakhala ndi aphunzitsi, otsatsa malonda ndi owulutsa, ndipo anthu ochuluka amaonerera pa YouTube ndi pa Twitch ngati mmene timaonerera mpira.

Vuto lathu ndi mtunda. Mukasewera pa intaneti, batani lililonse limene mwadina limayenera kupita ku makompyuta a eni gemuyo n'kubwerera, ndipo makompyuta amenewo ali ku South Africa kapena ku Ulaya. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, choncho intaneti yathu yambiri imadutsa ku Tanzania kapena ku Mozambique kuti ikalumikizane ndi zingwe za pansi pa nyanja. Nthawi imene uthenga umatenga popita ndi kubwerera timaitcha ping, ndipo ikakwera, inu mumadina kuti wosewera wanu amenye mpira koma iye amamenya mnzanu atalanda kale. Ndinaona mnyamata wina amene pano palibe womugonjetsa akuluza magemu asanu motsatizana usiku umodzi kwa anthu akunja, manja ake ali bwinobwino, mpaka anaika padi pansi n'kutuluka osalankhula. Intaneti yodzera pa setilaiti ya Starlink inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo ena yawathandiza, koma mtengo wa zipangizo zake ndi malipiro a pamwezi si wa mwana wongomaliza kumene Fomu 4. Onjezanipo bandulo yotsitsira zosintha za gemu, zimene zimabwera pafupipafupi ndipo zimakhala zazikulu, komanso gemu ya mpira imene imatuluka yatsopano chaka ndi chaka. Gemuyo tonse timangoitchabe FIFA ngakhale eni ake anaisintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC.

Kunena mosapsatira, pa anyamata onse amene adutsa m'chipinda changa palibe ndi mmodzi yemwe amene amadya chifukwa chopambana. Amene amapeza ndalama ndi ine wobwereketsa makina, wokonza mapadi akawonongeka, ndi mayi wogulitsa mandasi pakhomo. Mphoto ya Loweruka imachokera m'ndalama zolembetsera za anyamata omwewo, ndipo imangokwana nsapato kapena mayunitsi. Za YouTube nazonso azimvetse bwino: kuti munthu ayambe kugawiridwa ndalama za otsatsa malonda pamafunika omutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonerera m'miyezi 12, si maiko onse amene ali pa mndandanda wa olipiridwa, ndipo ndalama zake zimadalira kumene oonerawo ali.

Pa funso lanu la juga, ndikupempha kuti musiyanitse zinthu ziwiri. Gemu ya mpikisano ili ngati bawo imene akuluakulu a kwanuko amasewera pansi pa mtengo: amapambana ndi amene waphunzira, amene amawerenga nzeru za mnzake ndi kuona patali, ndipo oonerera amasangalala ndi luso. Kandege kamene anyamata akusewera pa foni ndi juga yeniyeni, chifukwa palibe luso limene lingakuuzeni nthawi imene kathawe, ndipo kamadya ndalama za pa Mpamba ndi Airtel Money mwakachetechete. Chimene ndimachiopa n'chakuti zonsezi zimakhala m'foni imodzi, ndipo mwana amene wauzidwa kuti magemu amalemeretsa sachedwa kutsetserekera kumeneko. M'chipinda changa ndinaletsa kubetcherana, ndipo ovala yunifomu salowa nthawi ya sukulu.

Pali chinthu chimodzi chimene chingagwirizane ndi mphwanuyo. Pa mipikisano yathu pamabwera mnyamata wina amene sasewera bwino nkomwe, koma amaima kumbuyo n'kumaulutsa gemuyo m'Chichewa ngati kuti ali pa bwalo la Bingu, mnzake akujambula pa foni. Timakanema take timayenda m'mafoni kuposa dzina la wopambana, ndipo tsopano amaitanidwa kukaulutsa mpira weniweni wa m'midzi pa zokuzira mawu, n'kumalandirako kangachepe. Ngati mwana wanu ankawerenga nkhani ndi chitsononkho, mwina malo ake m'magemu ndi amenewo.

Mphunzitsi wa ku Dwangwa anayankha:

Malume, ine ndine mayi wophunzitsa ku sekondale, ndipo ndikufuna kuikira umboni zimene bambo mtolankhani a ku Salima anena zokhudza kutsimikiza nkhani, chifukwa ndinaziona pa nthawi ya madzi osefukira kuno ku Dwangwa kumayambiriro kwa 2024. Madziwo analidi oopsa, nyumba zinagwa ndipo anthu anathawira m'misasa, koma pamodzi ndi zoonazo pankayendanso zithunzi zimene sizinali za kuno. M'gulu lathu la amayi a kutchalitchi munalowa chithunzi cha mlatho wothyoka pakati, munthu atalembapo dzina la mlatho wina wa kufupi ndi kwathu, ndipo mayi wina amene mwana wake anali tsidya linalo analira usiku wonse. Mmawa mwake mtolankhani wa wailesi ya m'dera anakwera njinga yamoto, anafika pamene akanatha kufika, n'kufotokoza malo amene msewu unadukadi ndi malo amene anthu ankadutsa, akulankhula ndi anthu amene anali pomwepo. Mawu ake ndi amene anatikhazika mtima pansi. Chithunzi chija mwana wasukulu wina anachifufuza pa Google n'kupeza kuti chinali cha dziko lina ndiponso cha zaka zam'mbuyo.

Nkhani zabodza si zoseketsa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa m'maboma a kum'mwera monga Mulanje ndi Phalombe, ndipo nthawi imeneyo mafoni anali asanachuluke ngati lero. Tsopano kwabweranso mapulogalamu a AI amene amatha kupanga chithunzi cha chinthu chimene sichinachitike, ngakhale kutsanzira mawu a munthu wodziwika, kotero kuti khutu ndi diso pazokha sizikukwaniranso.

Mphwanuyo adziwenso kuti kuika zinthu pa intaneti kuli ndi malamulo. Lamulo la 2016 loona za zochitika za pa intaneti lili ndi zilango kwa onyoza ndi kuzunza ena kudzera pa makina, ndipo anthu amangidwapo m'dziko muno chifukwa cha zimene analemba pa Facebook kapena kutumiza pa WhatsApp. Ena mwa amene anamangidwa ndi atolankhani, ndipo bungwe loteteza ufulu wa atolankhani la MISA Malawi lakhala likudandaula kuti lamuloli limagwiritsidwanso ntchito potseka pakamwa ofufuza nkhani. Mtolankhani wophunzira amadziwa malire a kuipitsa mbiri ya munthu, amasunga umboni wake, ndipo ali ndi mkonzi ndi anzake omuimira zikavuta. Mnyamata amene ali yekha ndi foni yake alibe zonsezi. Pa chifukwa chimenechi ine ndikuti sukulu apite ndithu, ngakhale atadzasankha kugwira ntchito payekha pa intaneti.

Mtolankhani Wopuma, Salima, anayankhanso:

Mayi mwanena zoona, koma ndionjezere kuti satifiketi payokha sinatetezepo munthu ku ulesi. Ndawerengapo nkhani pa masamba a nyumba zodziwika zimene anangokopera m'gulu la WhatsApp osaimbira aliyense, chifukwa chothamangira kukhala oyamba ndi kuchulukitsa owerenga. Kusukulu akaphunzire, koma chizolowezi choimba foni yachiwiri ndi yachitatu nkhani isanatuluke adzachitenga kwa mkonzi wolimba. Achimwene a pa Kamuzu Road andiphunzitsa zambiri, makamaka za mnyamata woulutsa uja, chifukwa owulutsa mpira ambiri amene ndinagwira nawo ntchito anayambira pa mabwalo afumbi momwemo.

Malume wa ku Linga, Nkhotakota, anabweranso:

Ndikuthokoza nonse atatu chifukwa cha nthawi yanu. Mayankho anu ndinamuwerengera mphwanga pamaso pa mayi ake, ndipo tinakambirana mpaka usiku. Mfundo ya ping anaimvetsa msanga kuposa ine, ndipo anavomera kuti iyenso zimamuchitikira akamasewera pa foni ya mnzake, kungoti ankaganiza kuti makina apamwamba adzathetsa vutolo. Pa za nyuzipepala sanasinthe maganizo, akuti iye sadzalemba papepala, ndipo ine sindinalimbane naye pamenepo.

Tagwirizana kuti PlayStation sitigula. Tigula foni yapakatikati yojambula bwino, ndalama zotsalazo tisunge za fizi. Lolemba lapitali ndinapita naye ku wailesi ya m'dera, ndipo amene anatilandira anati ayambe wabweretsa nkhani imodzi ya mphindi ziwiri kuti amve mmene amafunsira mafunso. Dzulo anadzuka kusanache n'kupita padoko ndi foni ya mayi ake kukafunsa asodzi chifukwa chimene usipa wakwerera mtengo. Anabwerako atakhumudwa chifukwa mphepo ya mwera inaphimba mawu onse, ndipo msodzi wina anamuuza kuti mafuta a injini ndiwo akwera pomwe wogula wina anati nsombazo zachepa m'nyanja, kotero sakudziwa kuti aulutse ziti. Ndamuuza kuti abwerere mawa akafunsenso ena, ndipo akulunge foniyo ndi sokosi monga anamulangizira a kuwailesi.

Achimwene a ku Salima, mnyamatayu akufunitsitsa kudzaona mpikisano wanu wa Loweruka ndi kuyesa kuulutsa gemu imodzi. Ngati mungamulole, ndidzabwera naye ndekha pa minibasi yam'mawa, ndipo tidzafunika kunyamuka kubwerera dzuwa lisanapendeke chifukwa cha mmene msewu ulili.